ZA KUDIMBA: Mkaka, Soda ndi Njereza Poteteza Mbewu ku Matenda a Masamba

M'gawo lathu la zaulimi mwezi uno tikambirana nkhani imene imadetsa nkhawa pafupifupi banja lililonse lokhala ndi dimba, kuyambira ku Angónia ndi ku Tsangano kufikira kumapiri a Niassa. Munthu amafesa phwetekere, nawokera, nathirira m'mawa ndi madzulo kufikira mbewuyo ichita maluwa, ndipo mumtima amakhala atawerengera kale za makope a ana ndi thumba la feteleza. Kenaka kumadza mvumbi wa masiku atatu. Pamene mvumbiwo ukutha, masamba amakhala atada ngati awauka ndi moto, zipatso zikuola zisanapse, ndipo thukuta la miyezi iwiri lapita pachabe. Vuto limeneli silinayambe lero: ngakhale m'pemphero la Solomo pa 1 Mafumu 8:37, matenda a mbewu atchulidwa pamodzi ndi njala ndi dzombe.

Popeza mankhwala a m'sitolo ndi okwera mtengo, ndipo nthawi zina amasowa pa nyengo imene akufunika, ambiri amafunsa ngati alipo mankhwala amene munthu angadzipangire pakhomo. Alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo anayesedwa ndi akatswiri n'kupezeka kuti amagwiradi ntchito. Komatu pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuvomereza tisanatenge ndowa. Choyamba, mankhwala amenewa amateteza tsamba lamoyo, sachiza tsamba limene lagwidwa kale. Chachiwiri, mankhwala alionse ali ndi nthenda yakeyake, kotero kuti wopopera asanaidziwe nthendayo angotaya mkaka umene akadamwa ana.

Matenda ambiri a masamba amayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu, tachibale ndi bowa ndi chuku chimene chimagwira chimanga chosauma bwino. Tizilomboti timabala tinjere tating'ono kuposa fumbi, timene timauluka ndi mphepo kapena kudumpha ndi madontho a mvula. Kanjere kakatera patsamba kamamera, n'kuboola khungu la tsambalo, n'kuyamba kudya. Mankhwala athu apakhomo amakhala pamwamba pa tsamba ngati mlonda wa pachipata, ndipo amatha kupha kanjereko pamene kakumera. Kachilombo kakalowa m'kati, mlondayo alibenso chochita. Paja akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

M'madimba mwathu muli nthenda ziwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa bwino. Yoyamba ndi ija imayeretsa masamba ngati wina wawazapo ufa woyera. Imakonda maungu, nkhaka, nsawawa, therere lobala, ndiponso maluwa a mango. Imafala kwambiri m'nyengo yopanda mvula, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene usana kukutentha koma usiku kuli chinyezi, ndipo imayambira pa masamba okhala pamthunzi. Siipha mbewu msanga, koma nkhwani wake sagulika pamsika, masamba amauma nthawi isanakwane, ndipo maungu amakhala aang'ono ndi osakoma. Nthenda imeneyi ili ndi kufooka kumodzi: thupi lake lalikulu limakhala kunja kwa tsamba, poyera, pamene mankhwala angalifikire. Chifukwa chake ndi iyo imene imagonja ku mankhwala apakhomo, ndipo ikangoyamba kumene imatha kubwezedwa. Yachiwiri ndi chiwawu cha phwetekere ndi mbatatesi, chimene tichifotokoza patsogolo, pakuti nkhani yake ndi yolemera.

Tiyambe ndi mkaka. Ena adzaseka pomva zimenezi, koma nkhaniyi ili ndi umboni. M'chaka cha 1999, katswiri wina wa ku Brazil dzina lake Wagner Bettiol, wa bungwe lofufuza zaulimi la Embrapa, anafalitsa zotsatira za kuyesa kwake pa mbewu ya mtundu wa maungu. Iye anapopera mkaka wa ng'ombe wosungunula ndi madzi pa milingo yosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti mkaka wokwana gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo, ukapoperedwa kawiri pa sabata, unkaletsa nthenda yoyeretsa masamba mofanana ndi mankhwala ogula. Pambuyo pake ofufuza a ku Adelaide, m'dziko la Australia, anayesa mkaka pa mphesa, naona kuti mphamvu yake imakula pamene dzuwa likuwala pa masambawo.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Thirani kapu imodzi ya mkaka m'makapu asanu ndi anayi a madzi oyera, takasani, ndipo poperani m'mawa wa tsiku ladzuwa, pamwamba ndi pansi pa masamba, kufikira anyowe koma osachita kuyenderera. Bwerezani kamodzi kapena kawiri pa sabata. Musaganize kuti mkaka wochuluka ndiwo uchita bwino koposa. Mkaka wokhathamira umasiya mafuta pamasamba, umanunkha, ndipo umaitana nkhungu zina zakuda. Kwa banja lokhala ndi ng'ombe yokama, njira iyi ndi yotsika mtengo kwambiri, pakuti lita imodzi ya mkaka ipanga malita khumi a mankhwala. Kwa banja logula mkaka wa m'paketi, ine ndinganene kuti mkakawo upite kwa ana, ndipo dimba lilandire soda.

Soda amene tikunena ndi yemwe uja amayi amathira m'therere, amene m'masitolo amalembedwa kuti bicarbonato de sódio. Chonde tamvetsani apa: si soda wopangira sopo, uja amatchedwa soda cáustica. Ameneyo amawotcha khungu, amachititsa khungu m'maso, ndipo angaumitse dimba lonse tsiku limodzi. Soda wa therere anayesedwa pa maluwa a rozi ku yunivesite ya Cornell, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi katswiri wotchedwa Kenneth Horst, amene anamusakaniza ndi mafuta opepuka napeza kuti amachepetsa nthenda yoyeretsa masamba. Soda amasintha mkhalidwe wa pamwamba pa tsamba kuti tinjere tija tilephere kumera bwino.

Mlingo wake ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, yosasefukira, pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza pafupifupi magalamu asanu. Onjezani theka la supuni yomweyo la mafuta ophikira, ndi kachidutswa ka sopo wamtanda wosungunula, kuti mafutawo asakanikirane ndi madzi ndi kumamatira patsamba. Sopo waufa wochapira musamugwiritse ntchito, chifukwa amawaula masamba. Mlingo wa soda suyenera kupyoledwa. Mukawirikiza kawiri mudzaona m'mbali mwa masamba mukuuma, ndipo mudzayesa kuti ndi nthenda yatsopano pamene mwaipanga ndinu. N'chanzeru kuyamba mwapopera mbewu ziwiri kapena zitatu, n'kudikira masiku awiri kuti muone ngati zapirira. Soda apoperedwe m'mawa kwambiri kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo, ndipo kamodzi pa sabata n'kokwanira, chifukwa mchere wake ukachuluka m'nthaka umavutitsa mizu.

Palinso adyo, masamba a papaya ndi nimu, zimene zimatchulidwa kawirikawiri m'maphunziro a alimi. Adyo akasinjidwa amatulutsa mankhwala otchedwa allicin, amene akatswiri anawazindikira m'chaka cha 1944, ndipo amaphadi nkhungu zambiri akayesedwa m'mbale. Koma mankhwalawo sakhalitsa, amatha mphamvu msanga padzuwa ndi pamphepo, kotero kuti madzi a adyo ayenera kupangidwa ndi kupoperedwa tsiku lomwelo, ndipo m'munda thandizo lake limakhala lochepa kusiyana ndi la mkaka kapena soda. Mafuta a njere za nimu amathandiza pa nthenda yoyeretsa masamba ndi pa nsabwe za mbewu, ndipo abale okhala kumadera otentha kumene mtengowu umamera bwino angapindule nawo. Za masamba a papaya, wofuna kuyesa ayese pa mzere umodzi, asiye mzere wina wosapopera, kuti maso ake amuuze zoona. Kumeneko ndiko kuyesa kwenikweni, ndipo kungatipulumutse ku nkhani zambiri za m'maluwa zimene zimayenda pakati pa alimi.

Chisokonezo china chimene ndimachiona n'chakuti mankhwala ophera tizilombo touluka ndi tokwawa amatengedwa ngati a matenda onse. Tsabola, ombwe ndi fodya ndi za nsabwe ndi mbozi, ndipo pa nkhungu sizichita kanthu. Fodya makamaka ndikupemphani kuti mumusiye kutali ndi ndiwo. Madzi ake ali ndi ululu umene umalowa ngakhale pakhungu la wopopera, ndiponso fodya amanyamula nthenda ya mawangamawanga imene imagwira phwetekere. Ombwe nayenso amapha nsomba akafika kumtsinje.

Tsopano tifike pa chiwawu. Nthendayi imayamba ngati timadontho tonyowa, tobiriwira motuwa, kawirikawiri kunsonga kapena m'mbali mwa tsamba. Posakhalitsa madonthowo amakula n'kuda, ndipo mukatembenuza tsamba m'mamawa mudzaona kaubweya koyera m'mphepete mwa bala. Tsinde limada, phwetekere amachita zipsera zolimba zofiirira, ndipo mbatatesi imaolera pansi. Akatswiri amakatcha kachilombo kake Phytophthora infestans, ndipo anapeza kuti ngakhale kamakhala ngati nkhungu, chibale chake chenicheni chili kwa ndere za m'madzi. N'chifukwa chake kamakonda masiku ozizira a mawawa ndi nkhungu ya m'mawa, nyengo imene kumapiri kwathu kuno siisowa m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Pa nyengo yotere munda wonse ungathe m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Kuti tione kukula kwa mdani ameneyu, tikumbukire zimene zinachitika ku Ireland. Kumeneko anthu osauka ankadalira mbatatesi pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ankabzala mtundu umodzi wokha wotchedwa Lumper. Chiwawu chinafika m'chaka cha 1845, chinabwereranso zaka zotsatira, ndipo pofika 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa ndi njala ndi matenda, ena ochuluka chimodzimodzi atathawira kumaiko akunja. Nthenda yamphamvu chotere siiopa mkaka, siiopa soda, ndipo siiopa adyo. Ndikunena mosabisa chifukwa banja likhoza kutaya mbatatesi ya chaka chonse likukhulupirira kuti lapopera.

Mankhwala opangira pakhomo amene amalimbana ndi chiwawu ndi a mkuwa ndi njereza, amene alangizi athu amawatcha calda bordalesa. Dzinali linachokera ku Bordeaux, m'dziko la France. M'chaka cha 1882, mphunzitsi wa zomera dzina lake Pierre Millardet anali kuyenda m'minda ya mphesa ya dera la Médoc, imene inali itagwidwa ndi nthenda yachibale ndi chiwawu chathuchi. Iye anaona kuti mipesa ya m'mbali mwa msewu inali ndi masamba ake, pamene ya m'kati inali itayoyoka. Atafunsa, anamva kuti eni munda ankawaza mipesa ya kumsewuyo ndi madzi a mkuwa ndi njereza kuti mphesa zioneke zonyansa, anthu odutsa asamabe. Chimene chinapangidwira kuopseza akuba chinakhala chikuteteza mbewu. Millardet anayesa kwa zaka zingapo, nalengeza njirayi m'chaka cha 1885, ndipo kufikira lero ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri.

Zofunika ndi ziwiri. Choyamba ndi mchere wabuluu wa mkuwa, umene m'masitolo a zaulimi umagulitsidwa ndi dzina lakuti sulfato de cobre. Chachiwiri ndi njereza yopakira nyumba, imene imalembedwa kuti cal hidratada. Laimu wothira m'munda pokonza nthaka sagwira ntchito imeneyi. Pa malita khumi a madzi pamafunika magalamu 100 a mchere wa mkuwa ndi magalamu 100 a njereza. Pemphani wogulitsa akuyezereni pasikelo, akumangireni timapaketi ta magalamu 100, pakuti kuyeza ndi maso kwawononga madimba ambiri. Sungunulani mcherewo m'malita asanu a madzi m'ndowa yapulasitiki. Madzi ofunda amausungunula msanga. M'ndowa ina sungunulani njereza m'malita asanu otsalawo. Kenaka tsanulirani madzi abuluu m'madzi a njereza pang'onopang'ono, uku mukutakasa ndi mtengo. Dongosolo lake ndi lomwelo nthawi zonse: abuluu ndiwo amapita kwa oyera. Ndowa yachitsulo isayandikire, chifukwa mkuwa umadya chitsulo ndipo mankhwalawo amaonongeka.

Musanapopere, yesani ndi mpeni. Tengani mpeni wachitsulo wopalidwa bwino, kapena msomali watsopano, muuviike m'mankhwalamo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ukatuluka ndi mtundu wofiirira ngati wa mkuwa, ndiye kuti mankhwalawo akadali aukali ndipo adzawotcha masamba. Onjezani njereza pang'ono n'kuyesanso kufikira mpeni utuluke woyera. Sefani ndi kansalu kuti mpope usatsekeke, ndipo poperani tsiku lomwelo, pakuti akagona amatha mphamvu. Pa mbande ndi mbewu zanthete, gwiritsani ntchito theka la milingo ija pa malita khumi omwewo. Wopanda mpope angathe kuboola timabowo tating'ono pachitsekero cha botolo lapulasitiki, ngakhale kuti pansi pa tsamba pamavuta kufikapo ndi njira imeneyi, ndipo ndi pansipo pamene chiwawu chimabalira.

Nthawi yopopera ndiyo mwini nkhani. Yambani mbewu zikadali zamoyo, pamene mwaona kuti nyengo ya mawawa yayandikira kapena mwamva kuti chiwawu chaoneka kwa mnansi. Bwerezani pakatha masiku asanu ndi awiri kufikira khumi, ndiponso pambuyo pa mvula yamphamvu imene yatsuka masamba. Masamba atsopano amene aphuka mutapopera kale alibe chitetezo, n'chifukwa chake kubwereza n'kofunika. Poperani masamba atauma mame, ndipo lekani kupopera patatsala sabata ziwiri kuti muyambe kuthyola. Zipatso zitsukidwe bwino zisanadyedwe kapena kupita kumsika.

Mawu akuti mankhwala achilengedwe asatipusitse. Mkuwa ndi ululu kwa nsomba ndi kwa nkhosa, ndipo ukalowa m'nthaka suchokamo, umangounjikana chaka ndi chaka mpaka kuvutitsa nyongolotsi. Maiko a European Union anaika malire kuyambira chaka cha 2019, akuti mlimi asapyole makilogalamu 28 a mkuwa pa hekitala m'zaka zisanu ndi ziwiri. Ife amene madimba athu ali m'mbali mwa mitsinje imene timamwa tiyenera kusamala koposa. Musatsukire mpope kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Valani malaya a manja aatali, phimbani pakamwa ndi pamphuno, imani mofulatira mphepo, ndipo sambani ndi sopo mukamaliza. Mchere wabuluu uja ndi wokongola m'maso mwa mwana, choncho ukhale pamalo otsekedwa, kutali ndi mchere wa ndiwo. Ndowa ya mankhwala isabwererenso kukhitchini.

Kwa iwo olima mbatatesi yambiri yogulitsa, mvumbi ukapitirira sabata ndi sabata, ngakhale calda bordalesa imatha kuchepa mphamvu. Pamenepo palibe manyazi kupita kwa mlangizi wa zaulimi ku ofesi ya SDAE ya boma lanu kukafunsa za mankhwala ogula ndi mlingo wake woyenera. Ingokumbukirani kuti mankhwala a mancozeb, amene ambiri timawadziwa ndi dzina lakuti Dithane, nawonso ndi oteteza chabe, ndipo maiko a European Union anakana kuwavomerezanso m'chaka cha 2020 chifukwa cha nkhawa pa thanzi la anthu. Kuwatakasa ndi dzanja, monga amachitira ena, n'kudziika pangozi.

Pali matenda ena amene sasamala mankhwala opopera a mtundu uliwonse. Phwetekere kapena mbatatesi ikafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, nthaka ili yonyowa, dulani tsinde chapansi, muviike nsonga yake m'tambula ya madzi oyera osaigwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera patsindepo, imeneyo ndi nthenda ya mabakiteriya okhala m'nthaka. Zulani mbewuyo ndi dothi lake, mukaitaye kutali, ndipo pamalopo pabzalidwe chimanga kwa zaka zingapo. Masamba opiringizika ndi achikasu kunsonga kwa phwetekere kawirikawiri ndi nthenda yofalitsidwa ndi tintchentche toyera, ndipo mbewu yotere siichira. Phwetekere wakuda kumunsi kwa chipatso, masamba ali bwinobwino, ameneyo wavutika ndi kuthirira kodumphadumpha, ndipo mankhwala ake ndi madzi a nthawi yake.

Mankhwala onsewa amagwira ntchito bwino m'dimba limene masamba amauma msanga. Chiwawu chimafuna tsamba lonyowa kwa maola angapo kuti chilowe, choncho chilichonse chofupikitsa maola amenewo chili kumbali yanu. Bzalani motalikiranitsa kuti mphepo idutse. Imikirani phwetekere timitengo, ndipo thyolani masamba apansi amene akukhudza dothi, ntchito imeneyi muichite mbewu zitauma. Thirirani patsinde, m'mawa, osati kukhuthulira kheni pamwamba pa masamba madzulo kuti agone ali onyowa. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kuti mvula isadumphitsire dothi kumasamba. Phwetekere, mbatatesi, mabilinganya, tsabola ndi fodya ndi banja limodzi, ndipo zisatsatizane pamalo amodzi. Mbatatesi zomera zokha kuchokera ku zotsalira za chaka chatha, ndi milu ya zoola imene timataya m'mbali mwa munda, ndizo nkhokwe za chiwawu. Zizulidwe ndi kukwiriridwa mozama. Popeza tinjere tija timadutsa malire a minda ndi mphepo, alimi a dambo limodzi akagwirizana tsiku lozula ndi sabata loyamba kupopera, onse amapindula kuposa aliyense payekha.

Chiwawu chikalowa m'munda wa mbatatesi imene yakula kale, nthawi yotaya mtima siinafike. Kwezerani dothi pamizere kuti mbatatesi zisaonekere, dulani mitengo yonse chapansi, muitulutse m'munda, ndipo dikirani sabata ziwiri musanakumbe. M'masiku amenewo tinjere totsala pamwamba pa nthaka timafa, khungu la mbatatesi limakhwima, ndipo zambiri zimapulumuka. Kumbani pa tsiku louma, muziyanike pamthunzi, ndipo iliyonse yokhala ndi bala lofiirira pansi pa khungu isalowe m'thumba, ndiponso isasungidwe ngati mbewu ya chaka chamawa.